Dawe m'dimba: mmene mungamuzindikirire ndi kumuthera mphamvu

Aliyense amene walimapo anyezi kapena karoti m'dimba la mthirira akumudziwa dawe. Mumapalira Lolemba, bedi n'kuyera bwinobwino. Pofika Loweruka timasamba tosongoka tatulukanso, ndipo pamene panali kamodzi pamera titatu. Chaka china ndinataya mabedi awiri a anyezi chifukwa ndinkangomusadza ndi khasu mlungu ndi mlungu, osadziwa kuti khasu lomwelo ndi limene linkamuchulukitsa. Mpaka lero zimandiwawa ndikaona mayi ali chiweramire dzuwa lili pamutu, akudula masamba a dawe, pamene moyo wake wonse uli pansi pa nthaka, kumene khasulo silikufika.

Malangizo awa ndi a mlimi wa khasu ndi ndowa yothirira, ngakhale amene ali ndi pulawo apezamonso zake.

Choyamba: tsimikizani kuti ndi dawe

Tonse timati dawe ndi udzu, koma sali m'banja limodzi ndi kapinga, nsenjere kapena chimanga. Banja lake akatswiri a zomera amalitcha Cyperaceae, ndipo lili ndi mitundu yoposa 5,000 padziko lonse. Gumbwa wa m'madambo akuluakulu, yemwe Aigupto akale ankapangira mapepala, ndi mbale wake weniweni: onse awiri ali m'gulu la Cyperus.

Thyolani kaphesi kamene kanyamula maluwa, mukazunguze pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala. Phesi la udzu wamba limagubuduka chifukwa ndi lobulungira, ndipo lili ndi mfundo. La dawe limakana kugubuduka. Lili ndi ngodya zitatu, lilibe mfundo, ndipo mukalidula mupeza kuti m'kati mulibe mphako. Kenaka imirirani mumuyang'ane kuchokera pamwamba: masamba ake amatulukira patsinde n'kuloza mbali zitatu, pamene a udzu amaloza mbali ziwiri. Ndi osalala, onyezimira ngati apakidwa mafuta, opanda ubweya, ndipo ali ndi kamsana pakati. Pamwamba pa phesi pamakhala timasamba tingapo tofutukuka, ndipo pamenepo ndi pamene maluwa amatulukira.

Musadumphe ntchito imeneyi poti ndi yaing'ono. Mankhwala ambiri amene amapha udzu m'munda wa nyemba kapena wa soya sagwira dawe, ndipo alimi ambiri amataya ndalama pamenepa chifukwa chomuyesa udzu.

Chachiwiri: dziwani kuti ndi dawe uti

Amene amavutitsa m'minda ndi awiri, ndipo nthawi zina amamera bedi limodzi.

Wofiira, dzina lake la sayansi ndi Cyperus rotundus. Maluwa ake ndi ofiirira moderako, masamba obiriwira kwambiri, ndipo nsonga ya tsamba imathera mwadzidzidzi. Kawirikawiri safika m'chiuno; m'mabedi mwathu amalekezera cha m'mawondo kapena kuchepera apo. Wachikasu ndi Cyperus esculentus. Maluwa ake ndi achikasu ngati udzu wouma, masamba otuwirako, aatali, ndipo nsonga yake imapita ikuwonda pang'onopang'ono. Onse awiri anapatsidwa maina amenewa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden m'chaka cha 1753.

Koma kusiyana kumene kuli ndi ntchito kwa mlimi kuli pansi. Tengani khasu kapena foloko, mukumbe mozungulira dawe mmodzi, munyamule chibuma chonse, muchisuke m'ndowa mosamala kuti pasaduke kanthu. Mupeza timbatata tating'ono ngati nzama kapena kuchepera apo. Ta dawe wofiira ndi takuda, tokhakhala, tamaonekedwe osalongosoka, ndipo tolumikizana ngati mikanda pa ulusi wolimba ngati waya. Mukakanda kamodzi ndi chikhadabo kamatulutsa fungo lonunkhira, ndipo kamawawa mkamwa. Ta wachikasu ndi tobulungira, tosalala, kamodzikamodzi kunsonga ya mtsitsi wofewa, ndipo timatsekemera pang'ono. Musalawe ngati m'mundamo munapoperedwapo mankhwala.

Ndikukulimbikitsani kuti muchite zimenezi ndi manja anu, osangowerenga. Tsiku limene ndinasuka chibuma choyamba n'kuona mikanda ija ndi limene ndinamvetsa chimene ndinkalakwitsa.

Chachitatu: mvetsani mmene amakhalira pansipo

Dawe safa chaka chikatha. Masamba amauma m'chilimwe, koma timbatata timagona m'nthaka kudikira chinyontho, ndipo tingathe kudikira zaka zingapo. Kambatata kalikonse kali ndi maso angapo, ngati mbatatesi. Diso limodzi likaphuka limatumiza mphukira yosongoka kumtunda. Mphukirayo ikayandikira kuwala imatupa n'kupanga kamutu, ndipo pakamutupo pamachokera masamba, mizu ndi mitsitsi yatsopano yoyenda cham'mbali. Mitsitsi ina imatulukira kumtunda n'kukhala dawe wina, ina imatupa n'kukhala timbatata tatsopano.

Pa dawe wofiira pali chinsinsi chimodzi chimene mlimi aliyense ayenera kudziwa. Pa mkanda umodzi wa timbatata, kawirikawiri kamodzi kokha ndiko kamaphuka, ndipo kameneko kamagoneka tinzake. Mukadula ulusiwo ndi khasu, kambatata kalikonse kamatsala pakokha n'kudzuka. Ndiye chifukwa chake kupalira mosadza m'nthaka yonyowa kumasandutsa dawe mmodzi kukhala asanu.

Njere si nkhani yaikulu. Za dawe wofiira sizimera kawirikawiri, ndipo za wachikasu, ngakhale zimatha kumera, mbande zake ndi zofooka. Chimene chimamuchulukitsa ndi timbatata. Ku Minnesota m'dziko la America, ofufuza anabzala kambatata kamodzi ka dawe wachikasu, ndipo chaka chimodzi chitatha anawerenga zomera 1,900 ndi timbatata pafupifupi 7,000. M'munda mwanu mbewu zimamupanikiza, sangafike pamenepo, koma chiwerengerochi chikusonyeza chimene amachita akapatsidwa malo.

Timbatata tambiri timakhala m'masentimita 15 a pamwamba, kuya kwa khasu limodzi labwino. Tochepa timatsikira pansi kuposa apo.

Zofooka zake ndi zitatu, ndipo malangizo onse otsatirawa akuchokera pa zimenezi: timbatata timafa tikauma, masamba sapirira mthunzi, ndipo kambatata kamatha mphamvu kakaphuka kangapo popanda kubwezeredwa chakudya.

Chachinayi: yendani m'mundamo, muone kumene wakhazikika

Dawe amakonda kutentha, dzuwa ndi nthaka imene imatipulidwa kawirikawiri. Masamba ake amapanga chakudya m'njira yofanana ndi ya chimanga, mapira ndi nzimbe, njira imene imayenda bwino dzuwa likamawomba kwambiri. Mumupeza m'madimba, m'mbali mwa ngalande za mthirira, m'mphepete mwa dambo, m'minda ya nzimbe ndi ya thonje, m'nazale, m'kapinga wa pabwalo, ngakhale m'ming'alu ya simenti. M'nkhalango yowirira simumupeza. Wachikasu amakonda kwambiri malo onyowa ndi a mchenga. Wofiira sasankha, dothi lakuda kapena katondo kwa iye n'chimodzimodzi. M'munda wa mpunga wodikha madzi nthawi yonse, wofiira sakula bwino, koma timbatata take sitifa: madzi akaphwa amatulukanso.

Kwawo kwa dawe wofiira ndi ku Africa kuno, kum'mwera kwa Asia ndi kum'mwera kwa Ulaya, koma lero ali m'maiko onse otentha. Mu 1977 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi LeRoy Holm linamuika pa nambala 1 pa zomera zonse zovutitsa alimi padziko, litapeza kuti amasokoneza mbewu za mitundu 52 m'maiko 92. Chimene chimamuletsa ndi chisanu choumitsa nthaka, chifukwa timbatata take timafa nthaka ikachita ayezi. Wachikasu amapirira kuzizira, n'chifukwa chake wafika mpaka ku Canada. Kwathu kuno chisanu chotere kulibe, ndipo m'malo otentha ngati chigwa cha Shire ndi m'mphepete mwa nyanja, paliponse pamene pali mthirira dawe amakula miyezi 12 osapuma.

Tsono yendani m'munda wanu mvula yoyamba itangogwa, kapena patatha mlungu mutathirira. Khomani zikhomo pamalire a malo amene dawe wawirira. Kawirikawiri sakhala munda wonse mofanana. Amakhala m'timagulu, pafupi ndi chitsime, pamene paipi imadontha, pamene munatsitsira manyowa. Malo amenewo mudziwalima pomalizira, ndipo muyambe kulimbana naye kuchokera kumalire kulowa m'kati.

Chachisanu: tsekani njira zimene amalowera

Dawe sayenda yekha mtunda wautali, timamunyamula ndife. Sasani dothi pa khasu, pa pulawo ndi pa mateyala a thirakitala musanachoke pamalo a dawe kupita pamalo oyera. Mbande zogula za tomato, kabichi kapena mitengo ya m'machubu, yang'anani dothi lake musanawokere. Mchenga wa kumtsinje ndi dothi la kudambo lothira m'nazale, lisefeni. Manyowa amene anaunjikidwa pamalo pomera dawe amabwera ndi timbatata. Konzaninso podontha madzi.

Chachisanu ndi chimodzi: m'chilimwe, muanikeni

Apa ndi pamene pali phindu lalikulu, ndipo sipafuna ndalama, koma thukuta.

Sankhani mabedi amene avutitsitsa, muwapumitse kuyambira Sepitembala mpaka mvula itayandikira. Lekani kuthirira, ndipo onetsetsani kuti madzi a mabedi oyandikana sakulowerera. Nthaka ikauma, galauzani mozama kufika masentimita 15 mpaka 20, mutembenuze zibuma. Musaphwanye n'kusalaza tsiku lomwelo. Zisiyeni zibumazo zili gadagada kuti mphepo ndi dzuwa zilowe mbali zonse. Pakatha masabata awiri bwereraninso, muphwanye, mutembenuze kuti timbatata timene tinali pansi tibwere pamwamba. Tolani tonse timene mukutiona, muike m'chidebe. Bwerezani katatu kapena kanayi mvula isanagwe.

Kambatata kamene kali pamtunda pa dzuwa la Okutobala kamafa m'masabata awiri kapena kuchepera apo. Mudziwa kuti kafa mukakafinya: kamakhala kopepuka, kokwinyika, ndipo m'kati simukhalanso moyera ndi monyowa.

Mwina mukufunsa kuti nanga si ndanena kuti khasu limamuchulukitsa? Khasu ndi lomwelo, chasintha ndi chinyontho. Mukadula mikanda m'nthaka yonyowa, mwabzala. Mukaidula m'nthaka youma, timbatata timadzuka koma tilibe madzi, ndipo timauma. Choncho mvula yachizimalupsa ikagwa pakati pa ntchitoyi, dikirani kuti nthaka iumenso musanakhudze.

Ndikudziwa kuti alangizi a zaulimi amatiphunzitsa mtayakhasu, ndipo ine ndimagwirizana nawo pa munda wa chimanga, makamaka wotsetsereka, pamene nthaka yogalauzidwa imakokoloka ndi mvula yoyamba. Kugalauza kumene ndikunenaku n'kwa timalo tochepa, tathyathyathya, timene dawe watilanda kale. Musagalauze phiri lonse chifukwa cha dawe wa pa chitsime.

Chachisanu ndi chiwiri: mbewu zili m'munda, muzuleni akadali khanda

Kambatata kakamaphuka koyamba kamawononga chakudya choposa theka la chimene kanasunga. Kakaphukanso kachiwiri kamawononga china. Dawe amayamba kubweza chakudyacho ndi kupanga timbatata tatsopano akafika masamba asanu kapena asanu ndi limodzi. Ndiye lamulo ndi ili: asafike masamba asanu. M'nyengo yotentha zimenezi zikutanthauza kubwerera pa bedi lililonse masabata awiri alionse, osadumphitsa.

Zulani mutangothirira, nthaka ili yofewa. Lowetsani kamtengo kosongoka kapena mpeni wakale pambali pake, mutukule kuti kamutu ka patsinde katuluke, ndipo ngati kambatata katsatira, ndi bwino koposa. Kungobudula masamba sikuthandiza, chifukwa kamutu kotsala kamaphukanso m'masiku ochepa. Pa anyezi ndi karoti chitani ndi manja, chifukwa mbewu zimenezi zili ndi masamba owonda, sizipanga mthunzi, ndipo dawe amaziposa msanga. Pa mbatatesi ndi mbatata, mitsitsi yake yosongoka imatha kuboola mbatatayo n'kuiwonongera msika.

Ulendo woyamba ndi wachiwiri mudzaona ngati palibe chikusintha, mwinanso akuwonjezeka, chifukwa timbatata togona tikudzuka. Pofika ulendo wachinayi mphukira zimayamba kutuluka zowonda ndi zotuwa. Apa ndi pamene ambiri amalekera poganiza kuti zatha, ndipo mwezi umodzi wa kupuma umabwezera dawe zonse zimene anataya. Ngati mwalemba aganyu, musapangane nawo za kuyeretsa bedi lokha, chifukwa adzasadza pamwamba kuti amalize msanga. Panganani za chidebe cha timitu ndi timbatata.

Chachisanu ndi chitatu: mumaneni dzuwa

Pamalo pamene munakhoma zikhomo paja, musabzalepo anyezi, karoti kapena nazale kwa nyengo imodzi kapena ziwiri. Bzalanipo mbewu zofunda nthaka msanga: mbatata ya kholowa lambiri, maungu, khobwe woyanga, kapena kalongonda. Kalongonda ndiye amene ndamuona akugwira ntchito kwambiri, chifukwa amayala masamba ochindikala kwa miyezi ingapo ndipo amawonjezera chonde. Kungoti musamubzale pamodzi ndi chimanga tsiku limodzi, amachikwera n'kuchigwetsa. M'chimanga, bzalani pa nthawi yake, pakizani pamene sipanamere kuti pasakhale mipata, ndipo palirani msanga m'masabata oyambirira mpaka masamba atakumana. Feteleza ikani pa phando, osamwaza, chifukwa womwaza amadyetsa dawe.

Mthunzi sumupha msanga. Umangomufooketsa kuti apange timbatata tochepa ndi tating'ono. Ukaphatikizidwa ndi kuanika kwa m'chilimwe, chiwerengero chimatsika chaka ndi chaka.

Za kuphimbira, musayembekezere zambiri. Udzu wopyapyala ndi mapesi omwazika amaziboola mosavuta, ndipo ngakhale pulasitiki wakuda wopyapyala mphukira yake imamubaya ngati singano. Chimene chimamuletsa ndi chinthu cholimba monga makatoni osanjikiza kapena malata akale, ndipo zimenezi zimathandiza pa tinjira ta pakati pa mabedi ndi pozungulira chitsime.

Chachisanu ndi chinayi: ngati mwasankha mankhwala

Mankhwala owotcha masamba okha, monga paraquat, ali ngati khasu losadza: pamwamba pamauma, pansi pali moyo. Komanso paraquat ndi poizoni woopsa kwambiri kwa munthu, ndipo pa dawe sindikuona chifukwa chomugulira.

Glyphosate amalowa m'masamba n'kutsikira ku timbatata timene talumikizana ndi chomeracho. Kuti agwire, dawe akhale wobiriwira, akukula bwino, ali ndi masamba ambiri, atatsala pang'ono kuchita maluwa. Wofota ndi chilala salandira mankhwala. Sungunulani ndi madzi oyera, chifukwa matope amawapha mphamvu. Poperani kopanda mphepo, tsiku limene simukuyembekezera mvula kwa maola angapo, ndipo musalime pamalopo kwa mlungu umodzi kapena kuposa kuti mankhwala atsike. Amapha mbewu iliyonse yobiriwira imene aikhudza, choncho ndi a pamalo popanda mbewu. Timbatata togona, tosaphuka, sawalandira. Mudzafunika kubwereza mphukira zatsopano zikakula.

Halosulfuron amagwira dawe wa mitundu yonse iwiri m'chimanga ndi m'nzimbe, koma amatsalira m'nthaka ndipo angathe kuwononga ndiwo zamasamba zobzalidwa pambuyo pake. S-metolachlor, wopopera mbewu zisanamere, amachepetsa wachikasu koma pa wofiira sachita zambiri. Apa ndi pamene ntchito yosuka chibuma ija imakupulumutsirani ndalama.

Gulani mankhwala a m'botolo lake lenileni, lokhala ndi chizindikiro ndi malangizo, ovomerezeka ndi bungwe la Pesticides Control Board, osati opungulira m'mabotolo a zakumwa pamsika. Muyezo tsatirani wa pa botolo, ndipo funsani alangizi a m'dera lanu. Valani magolovesi, nsapato za jombo ndi chotseka pakamwa. Sipuleya musatsukire m'chitsime kapena mumtsinje. M'madimba madzi amene tithirira ndi omwewo amene ena amamwa kumunsi.

Chomaliza: zimene mwazula muzitani?

Musaponye m'ngalande, musaunjike kumalire a munda, ndipo musathire m'dzenje la kompositi, chifukwa timbatata timapulumuka m'kompositi wosatentha bwino n'kubwerera m'munda pa wilibala. Yalani pa lata kapena pa thanthwe masabata awiri mpaka ziume gwa, kenaka otchani.

Amene ali ndi nkhumba angazitsekere pamalo a dawe mukatha kukolola. Zimafukula timbatata ndi mphuno n'kudya, malinga pamalopo pasakhale popoperedwa mankhwala. Sizimaliza tonse, koma zimagwira ntchito imene munthu angaigwire masiku ambiri.

Ndipo ngati wanu ndi wachikasu, dziwani kuti anthu ena amalima dala mtundu wake wosankhidwa, wa timbatata tokulirapo. Ku Valencia m'dziko la Spain amautcha chufa ndipo amapangira chakumwa choyera ngati mkaka chotchedwa horchata. Ahausa a ku Nigeria ndi ku Niger amautcha aya, ku Ghana amati atadwe, ndipo timbatata take tapezeka m'manda a Aigupto akale. Wofiira naye ali ndi mbiri: ku Al Khiday m'dziko la Sudan, ofufuza anapeza zotsalira zake pa mano a anthu amene anakhalako zaka masauzande zapitazo, ndipo ku India ndi ku China timbatata take timalowa m'mankhwala achikuda, kumene amatitcha musta ndi xiang fu. Koma wachikasu wa m'dimba mwanu ndi wakutchire, timbatata take ndi tating'ono, ndipo sindingakulangizeni kumusiya kuti akule poyembekezera malonda.

Mvula yoyamba ya chaka chamawa ikagwa, bwererani pa zikhomo zija. Ikani ndodo zinayi za mita imodzi pansi mopanga bwalo la ngodya zinayi, muwerenge mphukira zimene zili m'katimo, mulembe m'kope pamodzi ndi tsiku. Chitani chimodzimodzi pamalo omwewo chaka chinacho. Pamene chiwerengero chatsika kwambiri, bwezeranipo anyezi. Pamene sichinatsike, bzalaniponso kalongonda kapena mbatata, ndipo Sepitembala akafika mugalauzenso.